Ndimaopa botija ya gasi, ndiye ndabwerera ku mbaula: kodi ndachita bwino?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia:

"Bambo a kunyumba anagula chitofu cha gasi ndi botija yake chaka chatha. Chimvereni kuti banja lina linapezeka litafa m'nyumba m'mawa, anthu n'kumati ndi mpweya woipa, mtima wanga sunakhazikikenso. Usiku ndimadzuka katatu kapena kanayi kukanunkhiza kukhitchini. Ndili ndi khanda la miyezi iwiri. Apongozi anati gasiyo achoke, ndiye botija tinaitsekera m'chipinda chosungira katundu, tabwerera ku makala. Poti kuno kwazizira, tikatha kuphika timalowetsa mbaula kuchipinda kuti mwana amve kutentha, koma timayamba tadikira kuti utsi uthe. M'mawa ndimadzuka mutu ukundiwawa, bambo akenso chimodzimodzi. Kodi ndi maganizo chabe, kapena gasi uja akutulukabe ngakhale tinamutsekera?"

Mayi, ndiyambe ndi chimene sichingadikire kuti mumalize kuwerenga. Usiku wa lero mbaula isalowe kuchipinda. Isalowe ngakhale makala atayaka bwino, ngakhale utsi utatheratu, ngakhale mukuti muitulutsa mwana akangogona. Mutu umene mukudzuka nawo awirinu ukundidetsa nkhawa kwambiri kuposa botija imene mwaitsekera ija. Ndipo mawa lomwe, inu, bambo ake ndi khandalo mupite kuchipatala, mukanene mosabisa kuti mwakhala mukugona ndi mbaula m'chipinda.

Mantha anu si opanda pake. Vuto ndi loti mwawalozetsa kolakwika. Pali zoopsa ziwiri zosiyana zimene anthu timangoziphatikiza n'kumati "mpweya woipa", ndipo pothawa chimodzi mwakumbatira chinzake chimene chili choopsa kwambiri pa moyo wa munthu amene ali m'tulo.

Choyamba ndi gasi wa m'botija. Ameneyu ndi wosakaniza wa butane ndi propane, ndipo ngozi yake yaikulu ndi moto. Akatuluka n'kudzaza m'chipinda, kenako n'kukumana ndi machesi kapena kamoto kakang'ono kothetheka pa switchi, amayaka nthawi imodzi. Koma gasiyu amachenjeza. Mwachibadwa alibe fungo, ndiye opanga amathiramo dala mankhwala onunkha ngati mazira owola kapena kabichi wovunda, kuti mphuno imve iye asanachuluke kufika poti n'kuyaka. Chachiwiri ndi carbon monoxide, amene m'Chipwitikizi amati monóxido de carbono. Ameneyu sakhala m'botija ayi. Amabadwa pamoto, paliponse pamene makala, nkhuni, malasha, parafini, petulo kapena gasi zikuyaka popanda mpweya wokwanira. Alibe fungo, alibe mtundu, samveka pa lilime, satsokomoletsa, satulutsa misozi. Mutadzuka kakhumi usiku umodzi kukanunkhiza, simungamumve. Nkhani za mabanja opezeka atafa pogona, nyumba ili bwinobwino, chitseko chili chokhoma, palibe chimene chapsa, kawirikawiri zimakhala za mpweya umenewu, ndipo kuno kwathu pakona pa chipindacho pamapezeka mbaula yozima.

Mwalemba kuti mumadikira kuti utsi uthe. Apa ndi pamene ambiri timanamizikira, ndipo sindikukuimbani mlandu, chifukwa tonse tinakula tikumva choncho. Utsi umene umatuluka makala akamayamba kugwira moto ndi umene umatithamangitsa, umatilowa m'maso, timatsegula chitseko. Makala akafiira psuu, opanda lawi, opanda utsi, ndi pamene timati tsopano ali bwino. Komatu nthawi imeneyo akupitiriza kutulutsa carbon monoxide wambiri, mwakachetechete, mpaka khala lomaliza litazima. Kukwirira makala ndi phulusa kuti moto ufike m'mawa sikuletsa zimenezi, chifukwa khala limene likunyeka mobanika ndi limene limapanga mpweya umenewu. Ena amaika beseni la madzi pafupi ndi mbaula poganiza kuti madzi amayamwa poizoniyo. Sayamwa. Ena amawaza mchere pa makala. Mchere sungasinthe kanthu.

Chimene chimachitika m'thupi ndi ichi. M'magazi mwathu muli himogulobini, amene ntchito yake ndi kunyamula okosijeni kuchoka m'mapapo kupita ku ubongo, ku mtima ndi kwina konse. Carbon monoxide amamatirira pa himogulobini mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200. Ndiye ngakhale atakhala wochepa m'chipinda, mpweya uliwonse umene munthu akukoka ukuwonjezera pang'ono, malo a okosijeni akulandidwa, ola ndi ola. Munthu akupuma bwinobwino, chifuwa chikukwera ndi kutsika, koma ubongo uli ndi njala. Poyamba ndi mutu, wolemera, wogunda pachipumi. Kenako chizungulire, nseru, kusanza, kufooka. Kenako maganizo amasokonekera, ndipo apa ndiye poipa. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ndi mpweya uwu wodwalayo amafooka asanafike pachitsekopo, kapena sazindikira n'komwe kuti afunika kutuluka. Amene ali m'tulo, kapena wamwako mowa, amangopitirira osadzuka.

Sindidzaiwala mlonda wina amene anabwera naye kuchipatala kumene ndinkagwira ntchito, m'mawa wina wa mwezi wa Julaye. Ankalonda pa sitolo, kanyumba kake ka malata kongokwana mpando umodzi. Chifukwa cha mphepo anatseka mipata yonse ndi makatoni ndi masaka a feteleza, n'kuika mbaula pakati pa miyendo. Anzake anamupeza atagwera pachitseko, masanzi ali pa jekete, dzanja limodzi lili pa mpiringidzo. Anataya nthawi kumuthira madzi ozizira ndi kuyesa kumumwetsa mkaka, poti amati mkaka umapha poizoni. Atafika naye pa njinga yamoto, tinamuyeza malungo, mulibe. Thupi silinatenthe. Kachipangizo kopana pa chala, koyezera okosijeni m'magazi, kanaonetsa 98, ngati munthu wabwinobwino, chifukwa kachipangizo wamba kameneka sikasiyanitsa magazi onyamula okosijeni ndi onyamula carbon monoxide. Chimene chinatithandiza ndi mnyamata wina amene anangoti, "Munali mbaula m'menemo." Tinamuika pa okosijeni, anatsitsimuka chakumasana. Anatiuza kuti anamva mutu kulemera, anafuna kutsegula, koma miyendo inakana. Patatha masabata awiri mkazi wake anabwera kudzadandaula kuti bamboyo akuiwalaiwala, akumufunsa chinthu chimodzi katatu. Zimenezi zimachitika: munthu amaoneka kuti wachira, koma patapita masiku kapena masabata, vuto la ubongo limatulukira.

N'chifukwa chake ndikuti mukafika kuchipatala mukatchule mbaula. Zizindikiro za poizoniyu zimafanana ndi za malungo kapena chimfine, ndipo wachipatala amene sanauzidwe akhoza kukupatsani mankhwala a mutu n'kukubwezani ku chipinda chomwecho. Pali zinthu zimene zimatiunikira. Anthu awiri kapena atatu a nyumba imodzi akadwala mutu nthawi imodzi, popanda kutentha thupi, mutuwo n'kumatha akatuluka panja, n'kubweranso m'mawa wotsatira, timaganizira mpweya wa m'nyumba. Zimene mwalembazi zikufanana nazo kwambiri. Komabe akakuyezeni malungo, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa magazi, chifukwa mayi amene wangobereka kumene akhoza kukhala ndi mutu pa zifukwa zinanso, ndipo munthu wochepa magazi ndi amene carbon monoxide amamugwetsa msanga. Khanda silinena kuti mutu ukundiwawa. Limangogona kwambiri, kukana bere, kusanza, kapena kulefuka. Limapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, ndiye limakoka poizoni wambiri pa nthawi yochepa. Amayi oyembekezera nawonso asamale kwambiri, chifukwa mwana wa m'mimba amavulala ngakhale mayi akungomva mutu pang'ono.

Mukadzapeza munthu atakomoka m'chipinda chotere, musayambe ndi kumugwedeza m'menemo. Tsegulani chitseko ndi mazenera, kokani mpweya panja, lowani, mukokereni kunja. Ngati akupuma, mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, mufunditseni, musamumwetse kanthu, ngakhale madzi. Onse amene anagona m'chipindamo apite kuchipatala, ngakhale amene akuti ali bwino. Mankhwala ake ndi okosijeni. Pa mpweya wamba, thupi limatenga maola pafupifupi 5 kuti lichotse theka lokha la poizoniyu, pamene pa okosijeni wa kuchipatala theka limachoka mu ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo. Kwa inu chipatala cha Ulongwe chili pafupi, ndipo odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha m'chigawo ku Tete.

Tsopano za apongozi anu. Musawaone ngati olakwa pa zonse. Iwo akukumbukira kuti kale ankasonkha moto m'nyumba, mayi ali m'chikuta ankawotha ndi khanda lake, ndipo ana anakula. Ndi zoona. Koma taganizirani nyumba imene ankagonamo. Denga la udzu, mpata pakati pa khoma ndi denga, chitseko cha mabango kapena cha matabwa osagwirana. Utsi unkatulukira mu udzu, mphepo inkalowa ponseponse. Nyumba imeneyo inkapuma yokha. Sindikuti inali yabwino pa chifuwa, ayi, utsi wa nkhuni wadwalitsa ana ambiri chibayo ndi amayi ambiri chifuwa chosatha. Koma sinkasunga mpweya usiku wonse. Lero ndalama za fodya, soya ndi kachewere zatimangira nyumba za njerwa zowotcha, zopaka simenti, za malata, mawindo a magalasi, zina ndi siling'i yomwe. Kuno kumapiri, kumene tili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, mphepo ya Juni ndi Julaye ikayamba kutsika ku Domwe kapena ku Tsangano, timatseka ngakhale timabowo ta mpweya tapamwamba pa zenera ndi nsanza kapena mapepala, pansi pa chitseko n'kuyalapo chiguduli. Mwambo wowotha moto m'nyumba ndi wakale, koma nyumbayo ndi yatsopano, ndipo ziwirizi sizigwirizana. Mukawafotokozera choncho, modzichepetsa, bambo a mwana ali pomwepo, ndikhulupirira adzamva, chifukwa nawonso chimene akufuna ndi moyo wa mdzukulu wawo. Ndibwino kuti mwana wawo ndiye ayambitse nkhaniyo, inu muzingothirapo ndemanga.

Nanga mwana afunda bwanji? Mbaula yabwino ya khanda ndi thupi la mayi wake. Muikeni pachifuwa panu khungu kukhudza khungu, mumange ndi chitenje, muvale juzi pamwamba, monga amaphunzitsira ku chipatala kwa ana obadwa masiku asanakwane. Mutu wake ukhale ndi chipewa, mapazi masokosi, zovala zingapo zopyapyala m'malo mwa chimodzi chokhuthala. Thewera likanyowa lisinthidwe msanga, chifukwa chinyezi ndi chimene chimazizira. Pomugoneka, agone chagada, nkhope ili poyera, bulangeti lisafike pamphuno. Bedi lichoke pakhoma la kumene kumachokera mphepo, pansi muyale mphasa kapena chiguduli. Akuluakulu mukhoza kuwotha moto pakhonde, kumwa tiyi kapena phala lotentha, ndiyeno n'kulowa. Mbaula itsale panja, ndipo isakhale pansi pa zenera la kuchipinda. Timabowo ta mpweya tija titseguleni, amisiri sanatiike pofuna kukongoletsa nyumba.

Ndibwere ku botija. Mwafunsa ngati gasi akutulukabe. Kunena zoona, pamene mwaiikapo ndi pamene sindikupakonda. Gasi wa m'botija ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye akatuluka sakwera kudenga, amatsika n'kuyenderera pansi ngati madzi, kudzaza m'makona ndi m'maenje. Chipinda chosungira katundu, chotseka, chopanda zenera, chimene munthu amalowamo ndi kandulo magetsi akazima, si malo ake. Botija imafuna poima chilili, pansi posalala, pamthunzi, podutsa mpweya, kutali ndi mbaula ndi moto wina uliwonse. Isagone chammbali, isakhale kuchipinda chogona.

Anthu amati botija imaphulika yokha ngati bomba. Chitsulo chake ndi chokhuthala, chopangidwira ntchito yomweyo, ndipo podzaza amasiya mpata pamwamba kuti gasi akafufuma ndi kutentha apeze malo. Pa ngozi zambiri, chimene chimaphulika si botija, ndi gasi amene anatuluka n'kudzaza m'khitchini. Madzimadzi amene mumawamva akukhuvuka mukanyamula botija amafufuma pafupifupi maulendo 250 akasanduka mpweya, ndipo mpweyawo umayamba kugwira moto ukangofika magawo awiri pa 100 aliwonse a mpweya wa m'chipinda. Botija yeniyeniyo imang'ambika ikakhala nthawi m'kati mwa moto. Tsono ntchito yanu ndi yoonetsetsa kuti gasi asatulukire polakwika, ndipo malo otulukira ndi ochepa, mukhoza kuwaloza ndi chala: pakamwa pa botija pamene pamakhala kalabala kozungulira, pa redutor imene imachepetsa mphamvu ya gasi, paipi ya labala ija ena amati mangueira, ndi polumikizira ku chitofu.

Mayeso ake ndi a thovu la sopo, ndipo ndikufuna muwachite ndi manja anu, osangoonerera bambo. Sungunulani sopo m'kapu ya madzi mpaka achite thovu. Makiyi a chitofu akhale otseka, redutor yotsegula. Pakani thovulo ndi kasiponji kapena kansalu pa malo onse ndatchulawa, ndi paipi yonse kuyambira kumutu mpaka kumchira. Kenako khalani pansi muziyang'ana. Ngati thovu langokhala phee, likuuma pang'onopang'ono, palibe chikutuluka. Ngati pena pake pakutukumuka timabaluni tikukulirakulira, pamenepo ndiye pakudontha. Tsekani redutor, musaphike mpaka pakonzedwe. Chitani zimenezi nthawi iliyonse mwasintha botija. Musayese ndi machesi, ngakhale wogulitsa atakuuzani kuti iye amatero masiku onse. Paipi ikhale yopangidwira gasi, osati yothirira kudimba. Yabwino imakhala ndi chaka cholembedwa pathupi pake, ndipo nthawi zambiri imasinthidwa pakatha zaka 5, kapena msanga ikayamba kuuma, kuchita ming'alu, kapena makoswe akaitafuna. Kumapeto konse kumangidwe ndi timalamba tachitsulo tomanga ndi sikuluu, osati mawaya kapena mphira wa chubu cha njinga. Isadutse kuseri kwa chitofu kumene kumatentha.

Pogula, onani kuti chidindo cha pakamwa pa botija sichinatsegulidwe, ndipo kanani botija ya dzimbiri lodya chitsulo kapena yophwanyika. Pewani amene amatsanulira gasi kuchoka m'botija yaikulu kupita m'yaing'ono kuseri kwa nyumba, chifukwa akhoza kudzaza mopitirira, mpata uja n'kusowa. Palinso chizolowezi china chimene ndachiona kuno kozizira. M'mawa wachisanu lawi limafooka, chifukwa butane amavutika pang'ono kusanduka mpweya kukazizira kwambiri, ndiye ena amagoneka botija, kuigwedeza, kapena kuiwotcha ndi mbaula kuti "idzuke". Chonde musatero. Achibale athu a ku Tete ndi ku Moatize, kumene dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, vuto lawo ndi lina: botija isasiyidwe padzuwa kapena m'galimoto yotseka.

Tsiku lina mukadzamva fungo lija, dongosolo lake ndi lalifupi. Musayatse machesi, musakhudze switchi iliyonse, kuyatsa kapena kuzimitsa, musaimbe foni muli m'khitchinimo. Tsekani redutor, tsegulani zitseko ndi mazenera, tulutsani ana, zimitsani mbaula kapena kandulo ngati zili pafupi. Fungo likapitirira redutor ili yotseka kapena yochotsa, ndiye kuti vuto lili pakamwa pa botija; itulutseni panja poyera, kutali ndi moto ndi anthu osuta, muitane amene anakugulitsani.

Kodi chitofu cha gasi nacho chingatulutse carbon monoxide? Inde, ndipo sindikubisirani. Koma chimaonetsa. Lawi labwino ndi la buluu, lokhazikika, lomveka kaphokoso kochepa. Likayamba kukhala lachikasu, lalitali, logwedezeka, mapoto n'kumada mwaye kunsi, ndiye kuti gasi sakupsa bwino. Nthawi zambiri ndi timabowo ta chitofu tatsekeka ndi phala kapena msuzi wosefukira. Chikazizira, chotsani mutu wake, tsukani, umitsani, bwezerani bwino. Likapitirira lachikasu, apite nacho kwa mmisiri. Chiphika chachikulu kwambiri chophimba chitofu chonse chimabanikitsanso moto. Pophika zenera likhale lotsegula, ndipo chitofu kapena uvuni zisagwiritsidwe ntchito yotenthetsa nyumba. Amene ali ndi firiji yoyendera gasi kapena parafini asaiike m'chipinda chogona, ndipo chotenthetsera madzi osamba cha gasi chisakhale m'bafa yotseka popanda chumuni yotulutsira mpweya kunja. Chitofu chosamalidwa bwino, m'khitchini yodutsa mpweya, chimatulutsa utsi ndi poizoni wochepa kwambiri poyerekeza ndi makala. Ine maganizo anga ndi oti mubwerere ku gasi pophika, mutayesa ndi thovu, ndipo makala muziphikira nyemba pakhonde. Mapapo a mwana wanu adzapindula.

Ndisaiwale jenereta, popeza ngakhale tili m'chigawo chimene muli damu lopanga magetsi la Cahora Bassa magetsi amatithawa. Poopa akuba anthu amailowetsa m'khonde lotchinga, m'garaja, ngakhale pabalaza. Jenereta ya petulo imatulutsa carbon monoxide wochuluka zedi, wotha kugwetsa anthu m'mphindi zochepa m'malo otseka. Iziyakira panja, mamita osachepera 6 kuchoka pa chitseko ndi mazenera, utsi utalozera kwina. Imangeni ndi tcheni ngati mukuopa akuba. Madalaivala amene amagona pamzere pa malire a dziko ku Zóbuè ndi ku Calómuè nawonso amve: mbaula m'kabini yotseka magalasi ndi chimodzimodzi mbaula kuchipinda.

Pali kachipangizo kamene kamamva chimene mphuno singamve, alamu ya carbon monoxide. Ndi kakang'ono ngati sosala, kamayendera mabatire. Ngati muli ndi wachibale wopita ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Joni, mutumeni, ndipo aonetsetse kuti pabokosi palembedwa carbon monoxide kapena monóxido de carbono, chifukwa alamu ya utsi ndi ina, ya gasi wotuluka m'botija ndi inanso. Zabwino zimakhala ndi chizindikiro cha EN 50291. Zoterezi zinapangidwa kuti mpweyawo ukafika magawo 50 pa miliyoni zilire pakati pa mphindi 60 ndi 90, ukafika 100 zilire pakati pa mphindi 10 ndi 40, ukafika 300 zilire mphindi 3 zisanathe. Taonani kuchepa kwa manambalawa, magawo pa miliyoni. Ikani alamuyo pamene mungaimve muli m'tulo, osati m'kabati kapena kuseri kwa katani, muzidina batani loyesera mwezi ndi mwezi, ndipo onani chaka chimene idzathe ntchito, chifukwa kachipangizo ka m'kati mwake kamakalamba. Koma alamu si chilolezo cholowetsa mbaula. Ndipo mukalephera kuipeza musataye mtima. Nyumba imene usiku mulibe chilichonse choyaka mulibenso chopanga mpweya umenewu.

Chiganizo chimenechi ndikufuna muchisunge, chifukwa ndi chimene chingakubwezereni tulo. Carbon monoxide sabwera yekha, satuluka m'khoma, satuluka m'botija yotseka. Pamafunika moto kapena injini. Ngati chitofu chazima, mbaula ili panja, jenereta sikulira pafupi, ndiye kuti palibe.

Kudzuka kanayi usiku kukanunkhiza kukuoneka ngati kusamala, koma kukudyetsa manthawo. Mukanunkhiza mtima umatsika pang'ono, mukangogona funso limabweranso, "Kodi ndinaonetsetsa?", ndipo mawa mudzadzuka kasanu. Ndikupempheni muyese njira iyi. Mukatha kudya madzulo, inu ndi bambo ake mupite limodzi kukhitchini kamodzi kokha. Gwirani makiyi a chitofu, tsekani redutor, onani kuti mbaula ili panja, onani kuti timabowo ta mpweya tili totsegula. Nenani mokweza kuti, "Tatseka." Ngati kungathandize, chongani pa kalendala. Usiku mantha akakudzutsani, musapite kukhitchini. Kumbukirani kuti munatseka muli awiri, pumani pang'onopang'ono, yamwitsani mwana ngati wadzuka, mugonenso. Masiku oyamba zidzakuvutani, mtima udzagunda, koma mantha osatsatiridwa amafooka okha. Izi sizikutanthauza kunyalanyaza thupi. Mukamva fungo lenileni la gasi, kapena mutu ndi chizungulire zikagwira anthu angapo nthawi imodzi, tulukani, musayambe mwakambirana.

Ndipo Mayi, muli ndi khanda la miyezi iwiri, simukugona, thupi silinabwerere m'chimake. Nthawi imeneyi amayi ambiri amagwidwa ndi nkhawa yoopa kuti china chake chichitikira mwana, ndipo nkhawayo imakakamira pa chinthu chimodzi, kwa ena madzi, kwa ena matenda, kwa inu gasi. Si misala, si kufooka kwa chikhulupiriro. Ngati patatha masabata awiri mbaula ili panja, botija yayesedwa, mutu wa m'mawa watha, koma inu mukulepherabe kugona ngakhale mwana ali m'tulo, mukungolira, chakudya sichikulowa, kapena mukubwera maganizo okuopsani, kauzeni anamwino pamene mukupita ndi mwana ku sikelo. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za thanzi la maganizo, ndipo anamwinowo adzakulozerani khomo lake. Bambo ake ndi apongozi akuthandizeni kutenga mwana masana kwa ola limodzi kapena awiri kuti mugoneko.

Madzulo ano, dzuwa lisanalowe, tulutsani botija ija m'chipinda chosungira katundu, muiimike pamthunzi podutsa mpweya, chotsani nsanza m'timabowo ta pamwamba pa mazenera, ndipo mukatha kuphika makalawo muwazimitsire panja ndi madzi kapena mchenga. Mukagona masiku atatu kapena anayi opanda mbaula, mundilembere mundiuze ngati mutu wa m'mawa ukubwerabe, komanso zimene akuchipatala apeza pa inu ndi pa mwana.